Print Room ya ku Ashmolean, Oxford: nyenyezi 5

Amene muli ku UK kuno, ngati mumakonda zojambula pitani ku Ashmolean Museum pa Beaumont Street ku Oxford. Kulowa ndi ulele, ndipo ali ndi chipinda chotchedwa Print Room komwe ukabukitsa pasadakhale amakutulutsira zojambula zenizeni za Raphael ndi Michelangelo, akatswiri ojambula akale a ku Italy, pa tebulo. Mapepalawa sakhala pakhoma nthawi zonse chifukwa kuwala kumawaononga, ndiye osangotulukira, bukitsani kaye.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi pepala la Raphael la mitu ndi manja a atumwi awiri, analijambula ndi choko chakuda pokonzekera chithunzi chachikulu cha Transfiguration chomwe chili ku Vatican. Ndi nkhani ya pa Mateyu 17 ija, Yesu ali kuphiri akuwala, kumunsi ophunzira alephera kuchiritsa mnyamata wogwidwa ndi chiwanda. Pa pepalali, mtumwi wachinyamatayo waweramira kutsogolo, nkhope yodzadza chisoni, wamkuluyo wa ndevu makwinya ali mbwee pachipumi ndipo manja akewo eee, zala zokha zikukuuza kuti bamboyu wathedwa nzeru, chikhulupiriro chamuchepera ndipo akudziwa yekha. Popanda utoto ngakhale pang'ono! Ukayandikira umaona timadontho timene Raphael anatsatira posamutsa chithunzicho kuchoka pa pepala lina lobooledwa ndi singano.

Raphael anamwalira mu 1520 ali ndi zaka 37 zokha, Transfiguration ndiye inali ntchito yake yomaliza.

Ogwira ntchito ndi aulemu, sakuthamangitsa. Tengani pensulo ngati mukufuna kulemba kapena kukopera, bolopeni ayi.