Ulendo wapansi wa ku Sennaya, St Petersburg, ku Russia: wotsogolera ndi katswiri, a ku ofesi ndi abodza

Chomwe kampani yoyendetsa alendoyi imalipiritsira ndalama zambiri chonchija pa ulendo wa maola awiri ndi theka ndi lonjezo loti mulowa m'mabwalo a mkati mwa nyumba zakale, aja opanikizika ngati chitsime, momwe munkakhala anthu wamba. Pa mabwalo anayi omwe analemba, tinalowa limodzi lokha.

Aliyense wodziwa mzindawu akudziwa chifukwa chake. Zipata za mabwalowa masiku ano zimakhala zokhoma, zimatseguka ndi kiyi wa maginito kapena nambala, ndipo eni nyumba safuna chigulu cha alendo pansi pa mawindo awo. Kampani yolongosoka imagwirizana nawo pasadakhale n'kupereka makiyi kwa wotsogolera. Awa sanatero. Pachipata choyamba, pafupi ndi ngalande ya Griboyedov, tinaima mphindi 25 pamphepo kudikira kuti wokhala momwemo atuluke, ife tilowerepo ngati akuba. Mayi otitsogolera anaimba foni ku ofesi katatu, osayankhidwa. Kachinayi mnyamata wogulitsa matikiti uja, yemwe dzulo lake ankalumbira kuti zonse zili m'malo, anangoti tikaone mabwalowo pa zithunzi. Zobweza ndalama anakaniratu. Anatinso gulu silipitirira anthu 12, koma tinalipo 21, mahedifoni 15 okha. Pa Sennaya, malo a msika wakale pomwe pamatulukira anthu a masiteshoni atatu a metro (sitima zoyenda pansi pa nthaka) kuphatikiza phokoso la magalimoto, wopanda hedifoni samva kanthu.

Koma mayiwo ndisawalakwire, ntchito yawo amaidziwa. Anatiimika pomwe panali tchalitchi cha Spas na Sennoy, chomwe chinagwetsedwa mu 1961, n'kutifotokozera za ngolo za udzu wouma ndi nkhuni zomwe zinkadzaza msikawo. Dzina loti Sennaya likuchokera ku udzuwo. Nyumba ya alonda ya zipilala, momwe anatsekera wolemba mabuku Dostoevsky mu 1874, ikadalipo. Za chipolowe cha kolera cha 1831, pamene anthu anaphwanya chipatala poganiza kuti madokotala akuwapatsa chiphe, anazikamba mosakometsera.

M'bwalo limodzi lomwe tinalowalo ndi momwe mtima wanga unakhalirako pansi. Anatilongosolera ntchito yakale ya dvornik, wosamala bwalo: kusesa, kukokolola chipale chofewa, kusenza nkhuni mpaka nsanjika zapamwamba, kukhoma chipata usiku, ndi kuuza apolisi za aliyense wachilendo. Wobwera mochedwa ankaliza belu n'kumupatsa kangachepe kuti amutsegulire. Madzi nawo, mipope isanayambe kugwira ntchito mu 1863, ankabwera ndi ogulitsa m'migolo, ndipo mtundu wa mgolo unkasonyeza komwe atungidwa: woyera unali wa madzi a mu mtsinje wa Neva, wobiriwira wa m'ngalande zauve. Munthu akamva zimenezi ali chilili pansi pa makoma aataliwo, dzuwa losafika, nkhani ya kolera ija imamveka yokha.

Sbiten wa kumapeto, chakumwa cha uchi ndi zokometsera chomwe kale ankagulitsa chotentha m'misewu, anabwera atazizira.

Ndikupereka nyenyezi zitatu, zonse ndi za mayi aja. Musanalipire, a ku ofesiwo akulembereni kuti makiyi ali nawo a mabwalo angati komanso mahedifoni alipo angati, ndipo muvale nsapato zolimba chifukwa pansi m'mabwalomo ndi pokumbikakumbika.