Denga lotsekula ndi kutseka pa khonde lathu ku Senga Bay, patatha madzinja awiri

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Ndadikira dala kuti madzinja awiri adutse ndisanalembe, chifukwa katundu ngati uyu sumudziwa tsiku limene amisiri akuwomba m'manja n'kujambula zithunzi.

Tili ndi kamalo kodyera m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay, ndipo khonde lathu layang'ana kum'mawa, kumene kuli chilumba cha Namalenje. Kale pakhondepo panali denga la udzu. Linkazizira bwino, koma chiswe chinkadya mapaso, mileme inkagona m'kati, ndipo zinyalala zinkagwera m'mbale za alendo. Kuposa zonse, linkabisa thambo. Munthu wachoka ku Lilongwe kuti adzaone mwezi ukutuluka pa nyanja ndi nyali za asodzi a usipa, ife n'kumukhazika pansi pa udzu wakuda ndi mwaye. Malata sitinawaganizire n'komwe. Amene anakhalako ku Salima mu Okutobala akudziwa chimene malata amachita masana.

Kampani imene tinalankhula nayo inatisonyeza mitundu iwiri. Woyamba ndi wa timapepala ta aluminiyamu totembenuka, ngati magalasi a mawindo a ma louvre aja. Wachiwiri ndi wa lona yolimba ya PVC imene imayenda pa njanji, n'kudzipinda kukakhala kukhoma. Wa aluminiyamu ndi wolimba ku mphepo, ndipo umatha kuutsekula pang'ono kuti mpweya wotentha utuluke mthunzi ukadalipo. Koma ndi wodula kwambiri, komanso mtundu umene anali nawo, ngakhale utautsekula mpaka pothera, zitsulo zimatsalabe pamutu pako. Ife tinkafuna nyenyezi, ndiye tinasankha wa lona, wa mamita 6 ndi 4.

Za mtengo ndinene izi zokha. Tinapereka dipoziti mu Okutobala 2023, ndipo mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mota, njanji ndi lona zonse zimachokera ku South Africa, choncho ndalama yotsala inakwera. Sindikuimba mlandu kampani, koma tikanalemberana pa pepala kuti mtengo ndi wa kwacha ndipo susintha, tikanapewa mkangano wa pa foni umene unatenga sabata yathunthu.

Likamagwira ntchito, dengali limasangalatsa zedi. Ukadina rimoti limayenda mwakachetechete, ndipo mphindi imodzi isanathe khonde lonse lili pa mthunzi. M'mawa timalitsekula kuti alendo amwe tiyi dzuwa likutuluka. Ikamakwana 9 koloko timatseka. Madzulo kukangozizira timatsekulanso. Tinatenga lona ya mtundu wa mchenga, ndipo ndikuyamikira kuti anatiletsa kutenga yakuda imene ine ndinkaifuna, chifukwa yakuda imamwa kutentha. Pansi pake pamatenthabe kuposa pansi pa udzu, zimenezo sindibisa, koma poti m'mbali monse ndi mosatseka, kamphepo ka kunyanja kamakonza zinthu. Mvula ya mwadzidzidzi ikabwera, atsikana ogwira ntchito sathamanganso ndi matebulo monga kale. Matebulo asanu amene m'dzinja ankangokhala, tsopano amabweretsa ndalama ngakhale nthawi ya mvula.

Tsono nkhani ya mphepo, imene ine ndiyo ndikufuna aliyense wa kunyanja aimve bwino. Amene anabwera kudzayeza malo anabwera tsiku la bata, ndipo za mwera sanafunse. Kuno kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa, masiku angapo osaleka, mpaka asodzi kukoka mabwato kumtunda. Lona yotambasulidwa imakhala ngati thanga la ngalawa. Mwera woyamba utafika ndinamva mizati ikugwedezeka ndipo zomangira za kukhoma zikulira. Tinapinda msangamsanga. Pambuyo pake tinaitana mmisiri wa kuno kudzakumba pansi pa mizati iwiri yakutsogolo n'kuthira konkire yozama, ndipo tinagula kachipangizo koyeza mphepo kamene kamapinda denga kokha mphepo ikakula. Kachipangizoko kanayenera kukhala m'gulu la katundu kuyambira pachiyambi, osati kuti ife tikafunse titachita kale mantha. Chodziwa n'chakuti masiku a mwera waukulu dengali limakhala lopinda, ndipo alendo amadyera m'kati. Amene malo ake ali poyera kuposa athu aganize kawiri za wa aluminiyamu uja.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kaikidwe. Lona imafuna kupendekeka mokwanira kuti madzi atsetsereke kupita ku kangalande kakutsogolo, n'kutsika kudzera m'kati mwa mizati. Amisiri anaika mopendekeka pang'ono kwambiri, ati kuti lioneke bwino. Mvula yaikulu yoyamba ya mu Januwale inasiya chithaphwi pakati pa lona, chinachita mimba ngati ya ng'ombe, ndipo ine ndi mlonda tinkakankha ndi tsache usiku kuti madzi atsike lona isanang'ambike. Anabwera kudzakonza, osatilipiritsa, koma patatha masabata atatu ndi mafoni osawerengeka, m'kati mwa dzinja. Zomangira zina zimene anagwiritsa ntchito zinali za chitsulo wamba, ndipo chinyezi cha kunyanja chinazichititsa dzimbiri chaka chisanathe. Tinasintha zonse n'kuika zosachita dzimbiri, ndi ndalama zathu.

Magetsi. Mota yake siidya mphamvu zambiri, moti inveta yathu ya sola imaiyendetsa popanda vuto. Koma chimene chinatipulumutsa ndi chopukusira cha pamanja. Poyamba anatiuza kuti mota yokhala ndi chopukusira ndi yodulirapo ndipo anthu ambiri saitenga. Mwamuna wanga anakakamira, ndipo anachita bwino. Tsiku lina mphepo ya mkuntho inabwera magetsi atazima, mabatire atatha, ndipo kachipangizo koyeza mphepo kaja popanda magetsi sikathandiza kanthu. Tinapukusa ndi manja, denga linapindika. Popanda chimenecho sindikukhulupirira kuti lona ikanafika m'mawa.

Kusamala kwake si kovuta koma kumafuna kukumbukira. Nkhungu za panyanja zikagwa zimamatirira m'mapindo a lona ndipo zimanunkha, choncho timatsuka ndi madzi a sopo wamba ndi burashi yofewa. Masamba a mtengo wa mango umene uli pambali amadzaza njanji ndi kangalande, ndiye Lolemba lililonse mnyamata amakwera makwerero kukachotsa. Tinaphunziranso mochedwa kuti lona siipindidwa ili yonyowa n'kuisiya masiku. Pangodya imodzi pali madontho akuda a nguwi amene akana kuchoka mpaka lero.

Kagudumu kamodzi ka pa njanji katasweka chaka chino, tinadikira mwezi ndi theka kuti kafike kuchokera ku Johannesburg, ndipo nthawi yonseyo denga linkayenda mokhotakhota, ife tikuopa kulikakamiza. Katafika tinaitanitsa ena anayi ndi rimoti yachiwiri, zili m'kabati ya mu ofesi.

Mlamu wanga wa ku Namiwawa ku Blantyre wandifunsa ngati angaike lotereli pakhonde la nyumba yake. Ndamuuza kuti aike, chifukwa kwake kuli mpanda ndi mitengo yotchinga mphepo, ndipo chiperoni cha mu Juni chimangofuna denga lotseka msanga. Ndamuuzanso kuti tsiku loika aime pomwepo, amisiri asanachoke athire ndowa zingapo za madzi pamwamba pa lona, aone yekha kumene madziwo akupita.