Kusema: kutsata akale kapena kudziyambira wekha?

Wofuna kusema ziboliboli ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kukhala pambali pa mmisiri wamkulu, monga amachitira ku Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe a ku Mua omwe wansembe wina, Bambo Claude Boucher, adayambitsa mu 1976. Pamenepo dzanja limazolowera kasemasema, diso limadziwa komwe mlombwa ukulowera, ndipo umaphunzira kusapupuluma ndi phingo, mtengo wouma gwa. Choipa chake timachiona m'misika ya alendo: mvuu zomwezo, mipando ya mafumu yomweyo, mpaka munthu imvi mbuu.

Kudziyambira wekha kuli ndi ufulu, koma mitengo yambiri imathera pamoto.

Ine ndingasankhe yoyamba, bola dzanja likakhwima usiye njovu, useme mayi wogulitsa mandasi padepoti, yemwe aphunzitsi ako sadamusemepo.