Wachibale kapena munthu wapadera: womusiyira shopu ndi uti?

Shopu ikayamba kukula ku Limbe kapena ku Ndirande, mwini wake amafuna munthu womusiyira kauntala pamene iye wapita kukaoda katundu. Ambiri amaitanitsa wachibale kumudzi, pomwe ena amalemba munthu wapadera wodziwa kale malonda.

Pa ndalama, wachibale amaoneka wotchipa, koma malo ogona, chakudya ndi mavuto akwawo zonse zimagwera inu, ndipo sizilembedwa m'buku. Wapadera amafuna malipiro okhazikika, osachepera amene boma linakhazikitsa, koma mtengo wake mumaudziwiratu.

Kusiyana kwakukulu kuli pa kudzudzula. Madzulo mukawerenga ndalama n'kupeza kuti za m'kabati ndi za pa Airtel Money sizikugwirizana ndi katundu amene watuluka, wapadera mumamufunsa mosapsatira mawu. Wachibale mukamufunsa, mawa lake amalume amaimba foni, nkhani ya shopu n'kusanduka mlandu wa pabanja, ndipo ine ndimaona kuti mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amayambira pamenepa kulowa pansi.

Pa kukhulupirika palibe woposa mnzake. Onse awiri muziwerenga nawo katundu mlungu uliwonse.

Pa malamulo, lamulo la za ntchito la Employment Act ya 2000 limafuna kuti bwana amene ali ndi antchito osachepera asanu apatse wantchito aliyense mfundo za ntchito yake zolembedwa, komabe ngakhale pashopu yaing'ono, wachibale nayenso mpatseni kalata.

Wachibale amayenera mwini bizinesi amene amakhala pashopu nthawi zambiri ndipo amatha kukana zopempha za abale. Wapadera amayenera amene akutsegula shopu yachiwiri ndipo sangapezeke malo awiri nthawi imodzi.