Bua, Kazuni kapena Nkhata Bay: kalasi ipite kuti kukapalasa ndi kugona m'matenti?

Semesita ino yokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi pa WhatsApp: "Akulu, kalasi yathu ikufuna ulendo wopalasa mabwato n'kugona m'matenti, tipite kuti?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi. Ndili pa Mzuni, yunivesite ya ku Mzuzu, ndinatsogolera maulendo awiri, wa ku Bua ndi wa ku Nkhata Bay, pomwe ku Vwaza ndinangotsatira anzanga.

Vwaza tithane nayo msanga. Ndi kufupi, mumangodutsa pa Rumphi boma n'kulowa msewu wafumbi, ndipo tenti mumakhoma moyang'anana ndi nyanja ya Kazuni, njovu zikubwera kudzamwa madzi. Koma Kazuni ndi South Rukuru wa pamenepo ndi mudzi wa mvuu. Nkhafi siyani kunyumba. Onjezani kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera ija, ndiye kuti ndi malo okaphunzira za nyama mutavala malaya aatali manja, osati okapalasa.

Bua ndiye mtsinje weniweni. Umachokera ku Mchinji, n'kudutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota usanathire m'nyanja. Mpasa imakwera mtsinje umenewu kukaswana, choncho a fisharizi (ophunzira za nsomba ndi usodzi) amaona ndi maso zomwe amangoloweza m'kalasi. Nkhalangoyi ili m'manja mwa bungwe losamalira nyama la African Parks kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Kwa a zankhalango ndi a zokopa alendo, phunziro lake n'losasimbika. Dziwani kuti simupalasa mtsinje wonse ayi: muli miyala, mathithi ndi ng'ona, ndiye mumangoyenda pamalo odekha pomwe eni ake akuuzani.

Komatu Bua anandiliza, ndipo sindinaiwale.

Tinapeza mkulu wina wa m'tauni muno, wa maulendo a alendo, amene anatiuza kuti mtengo wake ndi "zonse m'kati". Tinasonkha, ena mpaka kudula ndalama ya chakudya ya mwezi, n'kumutumizira pafoni. Pepala lililonse sitinalemberane. Tinanyamuka pa Luwinga mbandakucha, kosita itadzaza matumba a ufa, makala ndi soya pisi, tikuyimba njira yonse ya M5, kudutsa Chintheche ndi Dwangwa. Kufika pageti, wolandira alendo anatiwerengera mwaulemu ndalama zolowera: munthu aliyense payekha, galimoto payokha. Iye sanalakwe, mitengo inali yomata pakhoma. Ndinayimbira mkulu uja.

"Achimwene, paja munati zonse m'kati?"

"Ee, zonse za mbali yanga. Za pageti ndi za pageti, mphwanga."

Kenako foni inayamba kulira osayankhidwa. Kumeneko ndiye tinadziwa kuti munthuyo analibe bwato ngakhale limodzi, anali dobadoba wongolumikiza. Ndalama ya mlonda wamfuti woperekeza sanaiphatikize. Malo okhomapo matenti, sanalipire. Dalaivala naye anati anagwirizana zongotitula, ndiye kugona masiku awiri kukhala ndi mtengo wake. Ndinazungulira ndi kapu yanga ya kumutu anthu akuponyamo zomwe anatsala nazo, mtsikana wina akusolola ma K500 opindapinda m'chikwama cha foni, uku akundiyang'ana ngati ndadya ndine. Mpaka tinamaliza sukulu ena akunditchula "Zonse M'kati".

Choipa kwambiri chinali majekete oyandamitsa. Analipo ochepa kuposa anthu, ndiye tinkapalasa mosinthana, gulu lina likuwotha dzuwa pamwala. Ulendo wa masiku awiri, munthu kugwira nkhafi osakwana ola.

Nkhata Bay si mtsinje, ndikudziwa, musandikumbutse. Koma ndi makilomita osakwana 50 kuchokera mu Mzuzu, ndiye mafuta sakupha, ndipo wina akadwala chipatala cha boma chili pomwepo. Geti yolipira palibe. Malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amabwereketsa makayaki (timabwato ting'onoting'ono topalasa ndi nkhafi) ndi malo a tenti, ndipo mutha kutsika Loweruka n'kukawerenga nokha mabwato ndi majekete musanapereke kobiri. Madzi ndi oyera moti mbuna mumaziona zikuzungulira miyala pansi pa kayaki. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandanda panyanja ngati tauni ina, ndipo m'mawa akamakocheza a fisharizi amafunsa mafunso awo onse pamchenga pomwepo. Ndiwo? Batala wootcha ndi kondowole, nkhani yatha.

Nyanja nayo ili ndi zake. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba, ndipo ukhoza kusandutsa madzi ogona kukhala mapiri musanabwerere kumtunda. Bambo wina wachikulire amene ankasoka ukonde anatiuza kuti, "Ana inu, mukapalase kum'mawa, dzuwa likakwera mubwere." Anyamata awiri ananyozera, ndipo anabwera atakokedwa ndi bwato la msodzi, nkhafi imodzi itapita. Tinalipira, koma mtengo wa nkhafi yotayika anali atatiuziratu. Likodzo liliko m'madera ena a nyanjayi, makamaka m'mabango momwe muli nkhono, choncho mukabwerako kafunseni kuchipatala za praziquantel, mankhwala a likodzo.

Ndiye mukandifunsa, kalasi yomwe theka silidziwa kusambira ndipo ndalama ndi zosonkha, ndikuti Nkhata Bay. Ngati mphunzitsi wanu waumirira mtsinje ndi mpasa, pitani ku Bua, koma lankhulani ndi a malo ogona alendo a kumeneko mwachindunji, akulembereni geti, mlonda, tenti, kugona kwa dalaivala ndi chiwerengero cha majekete, chilichonse pamzere wake. Mwina ndikukondera, sindikana. Mkulu uja ndimakumana naye pa msika wa Mataifa, ndipo amandipatsabe moni ngati palibe chinachitika.