Memori khadi ya mavidiyo a sayansi ya ku Dedza boma

Kashopu kena koika nyimbo m'mafoni, pafupi ndi depoti ya mabasi ku Dedza boma, kayamba kugulitsanso memori khadi yodzaza mavidiyo a sayansi. Ndinagulira mwana wa achemwali wa Fomu 3, koma amene ndikuikakamira ndine.

Vidiyo yomwe yandigwira mtima ndi ya zimapiri za ayezi zoyandama panyanja. Zimasweka ku Greenland, madzi n'kuzitengera komwe amapopa mafuta kufupi ndi Newfoundland, ku Canada. Chooneka pamwamba n'chochepa, pafupifupi magawo 9 mwa 10 amakhala pansi pa madzi. Nsanja ya pa nyanja ya kumeneko yotchedwa Hibernia, yomwe inayamba kupopa mafuta mu 1997, inakhazikika pansi penipeni pa nyanja yakuya mamita 80, ndipo khoma lake la konkire lili ndi mano 16 oti lipirire likagundidwa ndi ayezi wolemera matani 1 miliyoni. Komabe sadikira kuti zifike poteropo. Sitima imazunguliza chingwe pa chiphiricho n'kuchikokera kumbali, timapiri tating'ono amangotikankha ndi madzi amphamvu. Nsanja ina yopopera mafuta, ya Terra Nova, ndi sitima, zikavuta imamasula mapaipi n'kuchokapo. Zimapiri zina zimapalasa pansi pa nyanja ngati pulawo, n'chifukwa chake pakamwa pa zitsime za mafuta amapabisa m'maenje okumba dala.

Zodandaulitsa zilipo ndithu. Mawu ndi otsika, pa sipika ya foni samveka mpaka uike mahedifoni, Chingerezi chakenso n'chothamanga. Mavidiyo ena amathera panjira. Mnyamata wogulitsayo ndi waulemu, anati, "Pepani bambo, mubwere nayo tidzaikenso zina." Inu mukamagula, muuzeni akutsegulireni mavidiyo angapo mpaka kumapeto musanapereke ndalama.