Kosindikizira mabuku ku Limbe: zomwe andichitira pa buku la nthano za kwathu

Anzanga a m'gulu la aphunzitsi opuma akhala akundifunsa kumene ndinasindikizira buku langa la nthano, komanso ngati iwo angapiteko ndi zolemba zawo. Pitani ndithu, koma musapite ngati munthu wokagula shuga, wongopereka ndalama n'kulandira katundu. Malowa ali mu Limbe, ndi kampani yaing'ono, ndipo chomwe chimawadyetsa ndi makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, mabuku a malisiti ndi makalendala a mipingo. Mabuku owerenga amasindikiza akabwera, koma si ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Dzina lawo ndilisunga, pakuti ndinena zokoma ndi zowawa zomwe, ndipo sindikufuna kuwatsekera msika anthu amene pambali ina anandithandiza ndi mtima wonse.

Kuti mumvetse muyezo umene ndikuwayezera, ndiyambe ndanena chimene ndinkafuna. Ndinaphunzitsa m'sukulu za pulayimale ku Ntcheu ndi ku Balaka mpaka kupuma. Nditabwerera kumudzi cha ku Lizulu ndinayamba kuyendera amayi achikulire, kope m'manja ndi foni yojambulira mawu, kulemba nthano, zilapi ndi nyimbo zomwe ankaimba posinja. Chigayo chafika paliponse, mitondo yambiri yangoti chafufumimba kuseri kwa nyumba, ndipo nyimbo imene inkayendera kugunda kwa munsi ilibenso poimbira. Awiri mwa amayi amene anandiuza nthano zabwino koposa anatisiya buku lisanatuluke.

Za ndalama sindinaziyikepo mtima, ngakhale kubweza zomwe ndinawononga sikukanandiipira. Ndinkafuna kuti mwana wa Sitandade 5 wa kwathu atsegule buku n'kupezamo phiri limene amaliona akamapita kusukulu, ndi mayankhulidwe a agogo ake enieni. Ndinkafunanso kuti pansi pa nthano iliyonse pakhale dzina la mayi amene anaisimba, atavomera yekha kapena ana ake, chifukwa nthanozo si zanga. Kuyambira 2014, pamene boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuchokera mu Sitandade 1, Chichewa chinangotsala ngati phunziro, ndipo kunja kwa buku la m'kalasi mwana sapeza chowerenga m'chinenero chake. Choncho buku langa linkayenera kukhala lowerengeka mosavuta, lolondola kalembedwe, komanso lolimba moti lidutse m'manja mwa ana ambiri osathothoka.

Makampani akuluakulu otulutsa mabuku maso awo ali pa mabuku a sukulu, amene amavomerezedwa ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi, ndi aja a mayeso a MSCE. Sindikuwada, ndalama ili kumeneko. Koma munthu wa nthano za pamtondo amatsala ndi njira imodzi, yodzilipirira yekha.

Pa kulandira anthu ndi pa malangizo oyamba, malowa ndiwayamikira popanda chotsalira. Bambo eni ake anandikhazika pansi, anatsegula fulashi yanga pa kompyuta, n'kundifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: "Mayi, bukuli awerenge ndani?" Nditawauza kuti ana ndi agogo awo, anati tiyike pa saizi ya A5, pepala lokhuthalako la 80 gsm kuti zilembo zisaonekere kuseri, ndipo zilembo zikhale zazikulupo chifukwa ambiri owerenga alibe magalasi ndipo amawerengera pa kuwala kochepa. Anandiletsa zithunzi zamitundu m'kati, nati zidzakweza mtengo wa buku mpaka kholo la kumudzi silidzaligula. Zojambula za inki yakuda zomwe anandijambulira mphunzitsi wina wachinyamata zinatuluka bwino kwambiri. Anandifotokozeranso kusiyana kwa makina awiri. Aakulu aja ofuna mapuleti amatsitsa mtengo wa buku limodzi ukasindikiza ambiri, koma ndalama yoyambira ndi yaikulu. Aang'ono otenga kuchokera pa kompyuta ndiwo oyenera munthu wofuna makope ochepa. Anandilangiza kuyamba ndi 200, ndione kaye mayendedwe ake. Akanatha kundikopa kuti ndisindikize 1,000, ndipo ine ndikanawamvera, koma sanatero.

Mtengo umasuntha, mudziwiretu. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo ntchito yanga inagwera pa nthawi imene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo umene anandiuza poyamba sunali umene ndinalipira. Pamenepa sanandinamize, anandionetsa lisiti la mapepala amene anagula, ndipo theka lomwe ndinali nditaperekeratu analiwerengera pa mtengo wakale. Magetsi akathima ntchito imaima, pakuti jenereta yawo siyendetsa makina onse. Tsiku limene akuuzani liwonjezereni sabata, makamaka nyengo ya maukwati ndi kumapeto kwa chaka pamene makalendala amakhala mbwee.

Pamene anandikhumudwitsa ndi pa kasanjidwe ka mawu. Kope loyesera litatuluka ndinakhala pa benchi panja pa shopu n'kuyamba kuwerenga, mtima n'kumatsika tsamba ndi tsamba. Kompyuta yawo imadziwa Chingerezi chokha, ndiye ikafika kumapeto kwa mzere inkadula mawu a Chichewa pamene yafunira. Mawu akuti nkhalamba anali atadulidwa pakati pa n ndi k, mphika anadulidwa pambuyo pa p. Kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi ng'oma kanasowa m'malo ambiri, pena kanatembenuka n'kuyang'ana kumbuyo. Mwana amene akuphunzira kuwerenga m'maphatikizo akakumana ndi zotere amangokakamira pomwepo. Nditawaonetsa, yankho linali lakuti, "Ife timasindikiza zomwe mwatipatsa." Zomwe ndinawapatsa zinali zolondola, zinaonongekera pa makina awo. Pamalopo palibe munthu wolembedwa ntchito yowerenga Chichewa, ndipo malamulo a kalembedwe amene a Centre for Language Studies ku Zomba amayang'anira sanawaonepo n'komwe. Kwa kampani imene theka la zosindikiza zake zili m'Chichewa, ichi n'chosowa chachikulu.

Choipitsitsa chinali pa nyimbo. Nthano ya kwathu siyenda ndi munthu mmodzi. Wosimba akati "Padangokhala," omvera amati "Tili tonse," ndipo pakati pa nthano pamabwera nyimbo, wina kutsogolera, ena kuvomera. Ine ndinalemba mzere wa wotsogolera pawokha, wa ovomera molowa m'kati pang'ono, kuti mphunzitsi akagwira buku m'kalasi adziwe pogawa ana. Iwo pofuna kuchepetsa masamba anaphatikiza mizere yonseyo kukhala ndime imodzi yaitali. Mawu onse analipo, palibe limene linatayika, koma munthu sakanatha kuimba.

Ndinapempha kuti ndikhale pambali pa mnyamata wa pa kompyuta tikonzere limodzi, ndipo bambo aja anavomera osawonjezera ndalama. Mnyamatayo poyamba nkhope inali yolemera, ntchito ya makhadi ikumudikira. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, tsitsa mzere uwu, uwu ulowetse m'kati," iye n'kumangodina osayankhula. Titafika pa nyimbo ina ya mayi wodandaula za apongozi omuwerengera ufa, ndinaona milomo yake ikugwedezeka. Kenaka anaiimba pansipansi, zala zikugogoda pa tebulo mofanana ndi munsi. Anati agogo ake ku Mulanje ankaiimba, koma kwawoko wodandaulidwa ndi mwamuna wopita ku Joni osatumiza kalata, ndipo mzere wovomera umabwerezedwa kawiri. Anandifunsa kuti, "Mayi, ndiye yolondola ndi iti?" Ndinamuuza kuti zonse, nyimbo imavala za kumene yafika. Kuchokera pamenepo anayamba kuona yekha zolakwika ine ndisanaloze. Anazimitsa kodula mawu kaja, anafufuza ng' aliyense m'buku lonse, ndipo anandiuza kuti nthano ina yathera pakati pa tsamba moti chithunzi cha kalulu chingakwane pamenepo. Ndinamupempha kuti akapita kumudzi akajambule agogo ake akuimba, ndipo patapita nthawi ananditumizira pa WhatsApp. Zomwe ndinalembera buku zinachitika pa mpando umenewo, buku lisanatuluke n'komwe, ndipo munthu woyamba kuchitidwa zimenezo anali wantchito wa pamalopo. Luso ali nalo mnyamata ameneyu. Chimene sanapatsidwe ndi nthawi yowerenga zimene akusanja, komanso womuuza kuti Chichewa chili ndi malamulo ake.

Chikuto anachipanga chokongola, chokutidwa ndi pulasitiki yopyapyala, mitundu yosasuluka. Koma kumanga kwa buku n'kumene muyenera kuchenjera. Masamba anawamata ndi guluu kumsana. Buku likakhala pa shelefu limaoneka ngati la m'sitolo zazikulu, koma ana satsegula buku mwaulemu, amalipinda, amalikanikiza pa desiki, atatu kulikoka nthawi imodzi. Makope ena amene ndinapereka pa sukulu ya kwathu anayamba kuthothoka masamba a pakati teremu isanathe. Ndinabwerera nawo. Sanakane, anavomera kuti guluu wa ulendo umenewo anali wochepa, ndipo makope oonongekawo anawamanganso. Anandiuza apo kuti kusoka ndi ulusi amatha, kungoti kumadula ndiponso kumachedwa. Chimene sindinakondwere nacho n'chakuti njira imeneyi sanaitchule pachiyambi, pomwe anali atamva kuti bukuli likupita m'manja mwa ana. Mukalandira kope loyesera litambasuleni pa tebulo, mulikanikize ndi dzanja pakati, kenaka muligwire tsamba limodzi n'kuligwedeza. Buku lochepa masamba ndi bwino kungolikhoma mawaya pakati, limalimba kuposa la guluu.

Za ISBN, nambala yozindikiritsa buku lililonse, ndi za malamulo sadziwa zambiri, ndipo sakuuza. Ine anandiunikira ndi mnzanga wa mu Malawi Writers Union, ndiye nambala ndinaitenga buku lisanapite pa makina. Imaperekedwa ndi a National Archives ku Zomba, ndipo lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti buku losindikizidwa m'dziko muno likasiyidweko kope. Ena amaona ngati mtolo, koma kwa ine linali gawo la cholinga changa. Makope 200 adzatha, adzang'ambika, ena adzakulungira mandasi, koma mayina a amayi aja ndi nyimbo zawo zili m'nyumba yosungira zolembedwa za dziko. Ndinapitanso ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, kukalembetsa bukulo. Kampani yosindikiza mabuku ikanayenera kukhala ndi kapepala pakhoma kofotokoza zimenezi, pakuti ambiri amene amafika pamenepo ndi olemba oyamba kumene.

Ntchito yawo imathera pa khomo. Amakupatsa makatoni, umakweza mu minibasi, kugulitsa n'kwako. Ine ndimagulitsa potuluka m'tchalitchi ndi pa misonkhano ya aphunzitsi, akutali amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ine n'kupatsira buku wa basi. Makope ena ndinapereka ku sukulu zoyandikana nafe ndi ku National Library Service. Masitolo a mabuku amalandira, koma amakulipira buku likagulidwa, atachotsapo gawo lawo, ndiye musawerengere ndalama imeneyo pobweza ngongole.

Pa benchi lija ndinakumana ndi olemba anzanga, ndipo aliyense anali ndi chake chimene akuthamangira. Mnyamata wina anali ndi ndakatulo zodzudzula katangale, akufuna zituluke msanga nkhani isanazizire. Abusa ena ankasonkhanitsa maulaliki awo kuti akulu a mpingo a m'midzi azigwiritsa ntchito. Bambo wina sanabise, anati iye akudikira tsiku lokhazikitsa buku, mlendo wolemekezeka agule kope loyamba ndi ndalama yokwanira kubweza zonse. Wa ndakatulo ndi wa mwambo uja malowa akuwayenera bwino lomwe: ndi achangu poyerekeza ndi ena, chikuto chimawala, mtengo ndi wofikirika. Abusa aja ndi ine tikufuna buku lokhalitsa ndi lolondola, ndipo zimenezo pamalopa zimatheka pokhapokha mwini buku akhalepo, awerenge tsamba lililonse la kope loyesera, ndipo asasaine kanthu asanakhutire. Ngati maso anu ndi ofooka kapena kalembedwe ka Chichewa simukadziwa bwino, tengani mphunzitsi wa Chichewa mupite naye, mumulipire.

Kusindikiza kwachiwiri ndidzapita komweko. Ndawauza kale bambo aja kuti ulendo uno ndikufuna ulusi, kuti wosanja akhale mnyamata yemweyo, ndiponso kuti tiwonjezere masamba anayi a nyimbo ya ku Mulanje ija, dzina la agogo ake lilembedwe pansi pake. Avomera zonse, kupatula mtengo, umene ati adzandiuza sabata yogula mapepala.